Foster, Apongozi ndi Msewu Wopanda Mitengo

Ku Wigston, mukamva galimoto ikutsetsereka mwakachetechete ngati mphaka wakuba nyama, musavutike n'kutembenuka. Ameneyo ndi Foster, giya waichotsa kuti mafuta asapse. Munthuyu anasiya kuyendetsa minibasi ya Limbe ndi Thyolo tsitsi lidakali bii, koma minibasiyo sinamusiye. Inakwera naye ndege.

Masiku ano amayendetsa fokolifiti, kagalimoto kamanyanga konyamulira katundu, m'weyahausi ina ku Corby. Amanyamuka kukali mdima, jekete yachikasu yonyezimira ili paphewa, akutsimphina pang'ono chifukwa bondo lakumanzere linaphwanyidwapo ndi katundu chaka china. Mukati ndi woumira amakwiya. Mwini wake amati n'kusamala. Akalowa m'kantini ya kuntchito kukamwa tiyi, timapaketi ta shuga ndi mchere timamutsatira tokha m'matumba. Mkazi wake Vera, amene amasamalira okalamba ku Leicester, anatopa n'kutipeza titasungunuka m'makina ochapira.

"Bambo a Mayankho, kodi shuga watha m'dziko muno?"

"Sindikuba, mayi. Ndikusunga."

Pa nkhani ya mafuta ndiye ali ndi chiphunzitso chakechake. Chibadwire anadzadzapo thanki kamodzi kokha. Ku Limbe ankathira a ulendo umodzi basi, kondakitala akatolera za okwera, ndipo akathera panjira panali anyamata a zigubu pansi pa mtengo uliwonse. Amakonda kunena kuti msewu uliwonse uli ndi eni ake. Galimoto ikafera pakati pa tchire, iwe dula nthambi, yala pamsewu, khala pansi. Usanamalize kupukuta thukuta anthu atulukira, wina ndi njinga, wina ndi nzimbe, wina ndi nzeru zimene sunamufunse.

Munthu wotereyu saopa bwana, saopa apolisi, saopa chisanu. Amaopa munthu mmodzi: apongozi ake, aNangozo a ku Ntcheu.

Mayiwa anabwera chilimwe chatha kudzaona mdzukulu wawo Mayankho akuvala mkanjo wa digiri ku Nottingham, ndipo anakhalako miyezi ingapo. Kwawo mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, sakhala pafupi. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Tsono m'kanyumba ka ku Wigston ka masitepe amodzi, tchire mukalipeza kuti? Foster ankati akafuna kukwera, amayamba watsokomola pansi. ANangozo akamva chifuwacho amabwerera kuchipinda. Chakudya ankadyera kukhitchini, choimirira, moyang'anizana ndi filiji. Mawu onse ankadzera mwa Vera, ngakhale anthu atatalikirana mkono umodzi.

"Iwe Vera, uwauze bambo a Mayankho kuti ndathokoza bulangeti."

"Mayi a Mayankho, muwauze amayi kuti palibe kanthu."

Mayankho ankaseka mpaka misozi, n'kunena m'Chingerezi chake kuti makolo ake ndi sewero laulere. Koma kwa Foster sizinali zoseketsa. Chikwatire Vera, maso a mayiwa anali asanawaonepo kuti ndi otani.

Tsiku lina aNangozo, amene ndi mayi wa Mvano wa mpango woyera, anauza Vera kuti asanabwerere akufuna aone dziko la Scotland kumene kunachokera amishoni. Foster atamva mtengo wa sitima anatsamwa ndi malovu. Anati apita pa galimoto yake, chimkoko chakale cha mipando isanu ndi iwiri. Anzake a ku Corby, amene ambiri makolo awo anachokera ku Scotland kudzagwira ntchito ya zitsulo, anamuthira moto. Anati Glasgow si Scotland, Scotland weniweni ali kumtunda kumene dziko limathera m'nyanja. Foster anati ngati n'choncho akafika komweko.

Razak, neba wake woyendetsa takisi, anamupeza akupopa matayala.

"M'bale wanga, kumtunda uko ukaona pampu, dzadza. Usafunse mtengo. Kulibe anthu kumeneko."

Foster anaseka mpaka kugwira chitseko. "Razak, dziko lopanda anthu linalengedwa liti? Ine ndayendetsa galimoto ku Thyolo mvula ili pakati."

Wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu la Foster ndi lachikopa.

Ananyamuka atatu, bokosi la mpunga ndi nkhuku yokazinga lili kumbuyo kuti asagule kanthu panjira. ANangozo anakhala mpando wakumbuyo, kuseri kwa mwana wawo. Kagalasi kapakati Foster anakapotoza kuti kaziyang'ana kudenga, kuopa ngozi yoposa ngozi zonse, yokumana maso ndi apongozi. Poima koyamba pamsewu waukulu anabwera matumba a buluku ali tutumu ndi timapaketi ta shuga. Vera anamukhuthula ngati mwana wakuba mtedza, n'kutaya tonse m'bini anthu akuona.

Ku Glasgow anagona kwa Stephen, mnzawo wa kutchalitchi, ndipo aNangozo anagawira ana a pakhomopo maswiti onse a m'chikwama mwawo osauza munthu. Anakaona Blantyre wa kumeneko, mayiwa n'kunena kuti ndi wamng'ono, wathu anamupitirira. Atadutsa Inverness anabwereka kalavani yotchipa, kanyumba ka matayala, pafamu ina. Amayi awiri anagona m'katimo. Foster anagona m'galimoto atapinda bondo lake lovutalo, chifukwa kupuma mpweya umodzi ndi apongozi usiku wonse, imfa ndi yabwino.

Kunacha Lamulungu. ANangozo ali ndi matenda a shuga, ndipo m'mawa uliwonse Vera amawabaya jakisoni. Jakisoniyo ndi wabwino, koma amafuna chakudya pambuyo pake. Munthu akabaya n'kukhala ndi njala, shuga amatsika mpaka kumugwetsa, ndipo akagwa osathandizidwa sadzukanso. Bokosi lija linali litatsala mafupa okha. Mayiwa anadya kachidutswa ka buledi kotsiriza, Vera n'kunena kuti pa sitolo yoyamba aime agule chakudya chenicheni.

Pampu anaipeza. Foster anayang'ana mtengo, naimba mluzu, nathira tamafuta tongonyowetsa pansi pa thanki.

"Dzadzani, bambo a Mayankho," anatero Vera.

"Awa si mafuta, ndi golide. Kutsogoloku atsika."

"Mwadziwa bwanji?"

"Mayi, ine galimoto ndinayamba inu muli kusukulu."

Sitolo ya m'kamudzi kotsatira anaipeza yotseka, poti kumeneko Lamulungu amalisunga kuposa ife. Foster anati palibe vuto, ina ili patsogolopa. Anakhotera msewu wolowera kumpoto.

Msewuwo unayamba kuonda. Mzere woyera wapakati unatha, kenako mipanda inatha, kenako mitengo ya magetsi. Unatsala kamsewu kokwana galimoto imodzi, kokhala ndi timatumba m'mbali topatukiramo mukakumana ndi mnzanu. Koma mnzanu wake uti? Uku ndi uku kunali mapiri ometedwa mpala, ofiirira ngati chikopa cha ng'ombe yodwala, ndi maiwe a madzi akuda osagwedezeka. Panalibe munda, panalibe utsi, panalibe ngakhale kanjira ka mapazi kopita kuchitsime. Anadutsa nyumba imodzi yoyera kutali ndi msewu, ndipo pambuyo pake dziko linangoti zii.

Foster anali akuimba mluzu chichokere ku Wigston. Apa mluzu unauma. Anayamba kuyang'ana uku ndi uku ngati munthu wolowa kumanda osapempha. Wailesi inayamba kukhosomola, kenako inangoti shii. Kagetsi kachikasu ka mafuta kanayaka, iye n'kukaphimba ndi chala chachikulu.

"Chotsani chalacho," anatero Vera.

"Kamayaka msanga aka. Pansi pa thanki pamakhala ena."

Pamtsetse uliwonse ankachotsa giya, pachitunda ankaponda mopepesa, akuinong'oneza galimoto mawu amene ankanong'oneza minibasi ku Bvumbwe. Nkhungu inatsika m'mapiri n'kuyamba kumeza msewu. Atafika pakati pa chigwa china chachitali, injini inatsokomola kawiri, inanjenjemera, n'kufa. Galimoto inakwawa yokha mpaka m'kathumba kopatukiramo, n'kuima.

Kunali chete woti munthu n'kumva magazi ake akuyenda.

Vera anatulutsa foni. Netiweki panalibe. Anayesa ya Foster, anayesa nambala ya ngozi, anakwera pamwala n'kukweza dzanja ngati akulumbira. Palibe. Anabwerera, nabaya chala cha mayi ake ndi kamakina koyezera shuga, ndipo Foster anaona nkhope ya mkazi wake ikusintha.

"Amayi, maswiti aja ali kuti?"

"Ndinapatsa ana aja. Ankandiyang'ana."

Vera anakhuthula chikwama chawo, chake, bokosi, kabati ka kutsogolo. Anapeza tishu, mafupa a nkhuku ndi botolo la madzi. Sanakalipe, ndipo zimenezo n'zimene zinamuopsa Foster kwambiri. Vera wokalipa amamudziwa. Uyu woyankhula motsitsayu anali asanakumanepo naye.

"Shuga akutsika. Ndikubwerera ku nyumba yoyera ija."

"Ndipita ine!" Foster analumpha ngati wapatsidwa mphatso.

"Ndi bondo limenelo mukafika mawa. Ine ndithamanga. Inu mukhale ndi amayi."

"Ine? Ndekha?"

"Muziwayankhulitsa, asagone. Mukaona thukuta, kapena ayamba kuyankhula zosamveka, ndiye kuti zavuta."

"Zikavuta nditani?"

Vera anawerama. Anamanga zingwe za nsapato, nayamba kuthamanga, ndipo asanafike patali nkhungu inamutseka ngati chitseko.

Foster anaima panja. M'galimoto sakanalowa. Mkamwini ndi apongozi awiriwiri, mazenera otseka? Akanamva a ku Ntcheu bwenzi atamutumizira nthumwi. Anaganiza zochita chimene dalaivala aliyense wolongosoka amachita, kuyala nthambi pamsewu kuti wobwera adziwe kuti pali vuto. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere. Mtengo panalibe. Osati mtengo wokha, ngakhale chitsamba choti mbuzi n'kubisalamo. Anatsika m'mbali mwa msewu kuti azule kaya ndi udzu, phazi linamira m'matope akuda mpaka m'kakolo, ozizira ngati mtembo. Analizula nsapato itatsala pang'ono kutsalira.

Apa m'pamene mantha anamulowa m'mafupa. Dziko lopanda anthu analikana pamaso pa Razak, koma dziko lopanda nthambi sanaliganizirepo. Anatsegula kumbuyo, napeza jekete yake yachikasu ya kuntchito itapindika pansi pa jeke. Anakaiyala pakati pa msewu, naitsendereza ndi miyala.

Kunayamba kamvula kaufa, kopanda mphepo, ndipo pamodzi ndi kamvulako kunabwera tizilombo. Tinali tating'ono kuposa nsabwe za nkhuku, koma tambirimbiri, tolowa m'makutu, m'mphuno, m'zikope. Foster anadzimenya mbama zimene bambo ake sanamumenyepo. Komabe sanalowe. Anaima pafupi ndi tayala lakumbuyo, nkhope atalozetsa kuphiri, nakumbukira kuti wauzidwa kuwayankhulitsa. Vera panalibe woti n'kudzeramo. Anagogoda denga la galimoto.

"Galimoto iwe, tawafunsa amayi ngati akumva kuzizira."

 Kenako mawu anatuluka pa kampata ka zenera.

"Iwe galimoto, uwauze bambo a Mayankho kuti ndili bwino. Uwafunse ngati dziko lino anthu ake anasamuka."

"Uwauze kuti ali kutchalitchi. Abwera posachedwa."

Anapitiriza choncho, galimoto yopanda mafuta itapeza ntchito ina. Anafunsa za mbatata ya kachewere ku Tsangano, za mvula ya chaka chatha, za denga la tchalitchi chawo. Mafunso atatha anayambiranso mbatata. Maso ake sanachoke kumene Vera analowera. Ankaganiza za matope aja. Munthu wothamanga m'nkhungu akaphonya msewu pang'ono, ndani angamve kukuwa kwake?

Mwadzidzidzi, kuseri kwa nkhungu, wina anatsokomola. Chifuwa chenicheni cha munthu wamkulu wosuta fodya. Tsitsi la Foster linaima. Theka la mtima linati tapulumuka, theka lina linati kumalo kopanda mudzi wotsokomola ndani?

"Zikomo kumeneko!" anakuwa. Anabwerezanso m'Chingerezi.

M'nkhungumo munatuluka nkhope yakuda ya nyanga zopindika, ikutafuna. Nkhosa. Inamuyang'ana monga mmene amayang'anira anthu a ku ofesi ya maviza, n'kutembenuka.

Foster anagogodanso denga. "Galimoto, uwauze amayi kuti inali nkhosa chabe."

"Zitsekereni mbuzizo," anayankha mawu aja, olemera ngati a munthu woledzera. "Zikudya nyemba za eni. Bambo a Vera, mwaimiranji pamenepo? Tsekani khola."

Bambo a Vera anamwalira Mayankho asanabadwe.

Foster anagogodanso denga mwamphamvu. "Galimoto, tawafunsa amayi kuti tili kuti kuno."

Chete.

"Galimoto iwe."

Chete. Kamvula kokha pa denga.

Anasuzumira kaye pa galasi lam'mbali, mwakuba. Sanaone bwino. Anazungulira, napukuta zenera ndi mkono, nayang'ana apongozi ake kumaso koyamba m'moyo wake. Mutu unali utagwera pa phewa. Mpango unali utasomphoka, imvi zili poyera. M'chisanu chonsecho, thukuta linali ndondondo pamphumi ndi pamlomo, manja akunjenjemera pa chitenje ngati nkhuku yodulidwa kumene.

Zinthu zambiri zinamudutsa m'mutu nthawi imodzi. Anaona bokosi la maliro likukwezedwa ndege. Anaona alamu ake atakhala pamphasa ku Ntcheu, akufunsa modekha kuti amayi anatisiya bwanji, iye n'kuyankha kuti mafuta anali odula. Koma choposa zonse anaona Vera akutulukira m'nkhungu muja, wefuwefu, chakudya chili m'manja, n'kupeza mwamuna wake ataima panja mwaulemu, mayi ake atazizira m'kati.

Anathamangira pakati pa msewu n'kukuwa dzina la Vera. Mapiri sanabweze n'komwe. Anakuwa m'Chingerezi, anakuwa m'Chichewa, anabwerera n'kuliza hutala mpaka inayamba kulira ngati mwana wa mbuzi. Palibe anatulukira, wa njinga kapena wa nzimbe. Anayesa kupemphera koma mawu okha amene anabwera anali akuti pepani, pepani, osadziwa kuti akupepesa kwa yani.

Chimene anaganiza n'chakuti awafunditse, poti china choti achite analibe. Anatsimphina kukatenga jekete ija pamsewu, nakankha miyala, naikutumula madzi. Ndipo m'thumba lam'kati munalira kanthu. Tswa.

Anapisa dzanja. Timapaketi ta ku kantini ya ku Corby, tokwana dzanja limodzi, tina tonyowa, zilembo zitafufutika. Bini ya Vera sinafike kumeneku.

Anang'amba koyamba ndi mano, nalawa. Mchere. Analavula, natukwana mawu amene mkulu wa mpingo sayenera kuwadziwa. Kachiwiri, mchere. Kachitatu kanamupulumuka n'kugwera m'matope. Kachinayi kanatsekemera.

Anaima pa chitseko chakumbuyo, dzanja lili pa chogwirira. Inu amene munabadwira kuno mudzati chovuta n'chiyani, tsegula. Simungamvetse. Zaka zonse zija za kutsokomola pansi pa masitepe, za kupatukira kutchire, za kudya moyang'ana filiji, zonse zinali zitaima pakati pa iye ndi chitsekocho. Anatsegula. Analowa, nakhala mpando umodzi ndi apongozi ake, bondo kukhudza bondo.

"Amayi," anatero, osadzera mwa Vera, osadzera m'galimoto. Mawuwo anatuluka opyapyala ngati a mwana. "Amayi, ndine Foster. Tsegulani pakamwa."

Zikope zinagwedezeka pang'ono. Anang'ung'udza zosamveka. Foster anayesa kuwapatsa kapaketi m'manja koma zala sizinagwire. Foster anawafunditsa jekete, nawadzutsa mutu ndi dzanja lamanzere n'kuutsamiritsa pa phewa lake. Anathira shuga pa chala chake chakumanja, chala chomwe chija chophimbira kagetsi, nachilowetsa m'kamwa mwa aNangozo, n'kupaka m'kati mwa tsaya ndi m'nkhama. Anatseka maso pochita zimenezi, kenako anaona kuti kutseka maso n'kupusa, nawatsegula.

Kapaketi kena. Kulawa, kupaka. Kena, mchere, kutaya. Kena. Ankawayankhula mosalekeza, zilizonse zobwera pakamwa. Anawauza kuti mbuzi wazitsekera, nyemba zili bwino. Anawauza kuti Mayankho adzakwatiwa ndipo iwo adzavina kutsogolo. Anawauza kuti iye ndi chitsiru, chinthu chimene sanauzepo munthu wamoyo.

Pakhosi pa mayiwa panayenda. Anameza.

Foster anathira timapaketi totsala m'kachivindikiro ka botolo, nadonthezera madzi, nawamwetsa pang'onopang'ono ngati mwana wa nkhunda. Shuga anatha. Anatsala ndi mchere wokhawokha m'dzanja. Panalibenso china koma kudikira, mutu wa apongozi uli paphewa, iye akumvetsera mpweya wawo, uliwonse akuuyesa wotsiriza. Nkhungu inafika mpaka pa galasi. Nkhosa ija inatsokomolanso kwinakwake.

Sadziwa kuti panapita nthawi yotani. Chimene akukumbukira n'chakuti kunjenjemera kwa manja kunayamba kuchepa, ndipo chala chake, chimene anabwezeramo kuti apake totsalira, chinalumidwa. Mano anatsala ochepa m'kamwamo koma ogwira ntchito.

"Mayo!"

ANangozo anatsegula maso. Anali ofiirira, ang'onoang'ono, ofanana ndendende ndi a Mayankho. Anayang'ana denga, anayang'ana jekete yachikasu, anayang'ana phewa limene anatsamira, kenako mwini phewa. Foster anafuna kuthawa koma mutu wawo unali udakali pa iye. Anayang'anana.

"Vera ali kuti?" anafunsa, molunjika.

"Wapita kukafuna thandizo, amayi."

Anatafuna pakamwa, nakwinya nkhope. "Chala chanu chikununkha petulo."

"Pepani, amayi."

"Ndiye kuti petuloyo munathira ku chala, osati m'galimoto."

Foster anaseka, ndipo kusekako kunasanduka china chimene sitinena pano, poti ndi bambo wa mwana wa digiri. Mayiwa sanachotse mutu. Anangokoka jekete kuti iwafike m'khosi.

Kulira kwa injini kunamveka patapita nthawi. M'nkhungu munatuluka magetsi awiri, kenako pikapu yamatope, galu ali kumbuyo. Vera analumpha isanaime, buluku lonyowa mpaka m'mawondo, botolo la juwisi ndi buledi wopaka jamu zili m'manja. Anafika pa zenera n'kuima. Mwamuna wake ndi mayi ake mpando umodzi, timapepala tong'ambika tili mbwee pansi. Anayang'ana timapepalato, anayang'ana Foster. Anabaya chala cha mayi ake, nawerenga kamakina, n'kukhala pansi pamsewu ponyowapo, nkhope m'manja.

Woyendetsa pikapuyo anali mayi wamtali woweta nkhosa, mwini nyumba yoyera ija. Sanafunse zambiri. Anatsitsa chigubu cha petulo n'kuyamba kuthira. Chigubu, abale. Tsiku lina lililonse Foster akanati mwaona, ndinanena ine kuti msewu uliwonse uli ndi eni ake. Tsiku limenelo anangogwirizira fanulo, maso pansi. Atatulutsa chikwama kuti alipire, mayiyo anapukusa mutu, n'kumuuza kuti pampu ili kutsidya kwa phiri, ndipo iye awatsatira pambuyo mpaka akafike.

ANangozo atadya n'kupeza mphamvu, anatuluka kukawongola miyendo. Pobwerera sanapite ku chitseko chakumbuyo. Anatsegula chakutsogolo.

"Iwe Vera, khala kumbuyo. Munthu wandidyetsa ndi chala chake, ndimuthawirenjinso?"

Anakhala, namanga lamba, natambasula dzanja n'kuwongola kagalasi kaja kamene kanayang'ana kudenga chichokere ku Wigston. Foster anayendetsa manja onse awiri ali pa chiwongolero, msana uli chilili ngati tsiku la mayeso, giya osaichotsa ngakhale pamtsetse.

Pampu anaipeza m'kamudzi ka m'mphepete mwa nyanja, yolipira ndi khadi, yopanda munthu. Mtengo wake unaposa wa m'mawa uja. Foster anauyang'ana, ndipo milomo inayamba yokha kusongoka kuti iimbe mluzu. Zenera lakutsogolo linatsika.

"Bambo a Mayankho."

"Wawa, amayi."

"Dzadzani."

Anadzadza mpaka pampu inadziletsa yokha.

Kumene dziko limathera anakafikadi, ndipo aNangozo anati n'kokongola koma amishoni aja anachita bwino kuthawako. Anabwerera ku Ntcheu masamba atayamba kugwa, ndipo masiku ano akaimba foni amayamba ndi mkamwini, mwana wawo pambuyo. Pa mtsetse wa ku Wigston Foster giya amaichotsabe, poti chibadwa sichimva mankhwala. Timapaketi ta ku kantini timamutsatirabe. Kusiyana kwake n'kwakuti Vera akatipeza m'matumba satayanso. Amasankha ta mchere n'kuika padera, ta shuga n'kukaika m'kabati ka m'galimoto.